Chikwama Kumapazi kwa Adadi

Ndinadzuka kusanache, ngakhale kunena zoona tulo teniteni sindinatione. Ndinangotsamira khoma la pabalaza pakati pa amayi ena, chitenje kumutu, miyendo itachita dzanzi. Nyimbo za pamaliro zinali zitatha mphamvu. Kunangotsala mawu a amayi awiri kapena atatu amene ankakoka nyimbo ya Chitonga pang'onopang'ono kuti nyumba isakhale zii. Pakati pa chipindacho panali bokosi la adadi. M'bokosimo, kumapazi kwawo, munali chikwama chawo chakuda, ndipo m'chikwamamo munali mapepala a mayeso a anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Wodziwa za mapepalawo m'nyumba monsemo ndinali ine ndekha.

Adadi anali loya ku Lilongwe kwa zaka zoposa makumi atatu. Zaka zisanu ndi ziwiri zomalizira anayamba kuphunzitsa pasukulu ina ya malamulo, Lachiwiri madzulo akaweruka ku ofesi kwawo ndi Loweruka m'mawa basi. Sukuluyo imaitana maloya okhalitsa pantchito kuti aziphunzitsa zimene m'mabuku mulibe: kaimidwe pamaso pa woweruza, kafunsidwe ka mboni, nthawi yoyenera kutseka pakamwa. Kumudzi kwawo kuno ku Kande nkhaniyi sanaimvetse. Ankati loya wamkulu wayamba maganyu. Ine ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinali ndi mkwiyo, chifukwa Loweruka linali tsiku lokhalo limene ana anga akanacheza ndi agogo awo. Chimwalirireni amami, ndinkayembekeza kuti adadi azikhala nafe. M'malo mwake ankanyamula chikwama chija n'kumapita kwa ana a eni.

Matenda anawagwetsa ophunzira awo atangolemba kumene mayeso omaliza. Mapepala anali atawatenga kuti akachongere kunyumba, ndipo anapita nawo kuchipatala. Ankachonga ali pabedi, dripi ili pamkono, ine ndikulongolola kuti apume. Dzanja lawo litayamba kunjenjemera ndinagonja. Ndinkawawerengera mayankho, iwo n'kumandiuza zoti ndilembe ndi bolopeni yawo yofiira. Mapepala asanu omaliza ndinalemba ine. Atatu anatsala osachonga.

Atamwalira, mkulu wa kusukulu kuja anandiimbira foni kupepesa. Kumapeto anatchula za mapepalawo mwamanyazi kwambiri. Anati popanda iwo ophunzira onse adikira chaka china kuti alembenso, ndipo poti akusukulu abwera kumaliro, angadzatengere komweko. Ndikanatha kuwapereka tsiku lomwelo ku Lilongwe. Sindinatero. Chikwama chija chinkanunkhirabe adadi, ndipo ndinayenda nacho pamiyendo ulendo wonse mpaka ku Kande. Kulakwa kunayambira pamenepo, ndipo kunali kwanga.

Titafika, ndinachisiya kuchipinda n'kupita kukalonjera anthu. Nthawi yomweyo akuluakulu a banja anatsekula bokosi kuti aone m'bale wawo, ndipo Ankhazi, mlongo wamkulu wa adadi, anakatenga chikwamacho n'kuchiika kumapazi kwawo. M'banja la adadi munthu amapita ndi kanthu kake kamodzi kamene anthu ankamudziwa nako. Agogo aamuna anapita ndi buku lawo la nyimbo, mng'ono wawo msodzi anapita ndi singano yosokera ukonde. Chimene chalowa m'bokosi sichitulukanso. Ine ndinadzamva zonsezi bokosi atatseka kale.

Ndinatuluka panja kukuyera pang'ono. Mvula inkawaza, yaing'ono yosaleka ija ya kunyanja. Adzukulu anali akudutsa kuseri kwa nyumba ndi makasu ndi mafosholo paphewa, osalankhulitsana. Pansi pa mitengo ya mango amayi anali atayatsa kale moto m'malo anayi, nkhuni zonyowa zikufuka utsi umene unkangoyenda chapansipansi. Ena ankabwera kuchokera kumidzi yoyandikana atasenza mabeseni a ufa wa chinangwa, atavundikira ndi mapepala apulasitiki. Kumchenga mabwato onse anali pamtunda. Tsiku limenelo palibe analowa m'madzi.

Ankhazi ndinawapeza kuseri akusamba kumaso. Ndi mayi wamfupi, wazaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene adadi ankawaopa mpaka tsiku lomaliza. Ndi iwowa amene ankagulitsa usipa kuti mlongo wawo aphunzire. Ine Chitonga ndimangodziwa malonje, poti amami anali a ku Ntcheu ndipo ndinakulira m'tauni. Ndinagwada n'kunena kuti mwayuka uli. Anandiyankha, kenako anasinthira ku Chichewa chawo cholemera chija pondichitira chifundo.

Ine ndine munthu wapakamwa, ndipo ndikakhala ndi mantha ndimalankhula ngati ndili pa kauntala ya ofesi. Ndinawauza kuti m'chikwama muja muli mapepala a ntchito ya adadi, akusukulu akuwafuna lero lomwe, ndipo tiyenera kutsekula bokosi.

"Akusukulu anamudya ali moyo," anatero Ankhazi akupukuta kumaso. "Khirisimasi ziwiri sanabwere kuno, akuti akuchonga. Lero akufunanso za m'bokosi?"

Pamenepo ndinayenera kufatsa. M'malo mwake ndinati mapepalawo ndi katundu wa sukulu, ndipo malamulo salola kuti tiwakwirire. Ankhazi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako analoza nyumba ndi chibwano.

"Malamulo agona umo. Iwe pita ukathandize anzako kusenda anyezi."

Ndinapita kwa abambo aang'ono, mng'ono wa adadi, amene anali kalikiliki ndi mabenchi a kutchalitchi. Anandimvetsera akuyang'ana kwina. Anati Ankhazi akanena anena, ndipo iwo sangayambitse phokoso pa tsiku loika mkulu wawo. Ndinabwerera kumoto misozi ili m'maso, ya mkwiyo osati ya chisoni, ndipo ndinachita manyazi kuti pa maliro a bambo anga ndikulirira mapepala. Anyeziwo anandibisa.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke n'komwe. Oyamba anali a m'midzi yapafupi, wapansi, amayi kulowa m'nyumba ndi kulira kwawo, abambo kukakhala pansi pa tenti. Kenako njinga za kabaza, kenako malole awiri ochokera cha ku Chintheche odzaza amayi a mpingo ovala zoyera. Kumsewu wa tala anali atayala nthambi zamasamba, ndipo minibasi iliyonse inkachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Cha m'ma naini koloko kunafika magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, maloya anzawo a adadi. Kamsewu kolowera kwathu kanali katasanduka phala. Galimoto imodzi yaitali inatitimira mpaka m'mimba, ndipo ndinaona bambo wina amene ndimamuona pa kanema akutsika, nsapato zonyezimira zili m'manja, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Asodzi anaikankha osaseka, koma amayi kumoto kuja anaseka mokwanira onse.

Ine maso anga anali kumsewu. Ndinkawerengera nthawi. Mwambo unali woti ikamakwana leveni koloko tione nkhope, kenako bokosi lituluke panja, ndipo likatuluka ndiye kuti zatha. Bokosi la adadi linali la kagalasi kumutu, moti poona nkhope sankafunika kutsekula chivundikiro chonse. Ndinaganizapo zokaima pakhomo n'kukuwa pamaso pa anthu onse. Ndinaganizanso zongokhala chete, kenako n'kudzauza akusukulu kuti chikwama chinasowa panjira. Maganizo achiwiriwa anandikomera kwa nthawi yaitali kuposa mmene ndingafunire kuvomereza.

Minibasi ya ophunzira inafika itadutsa teni koloko, itayenda usiku wonse. Ndinkayembekeza anyamata ndi atsikana. Amene anatsika anali anthu akuluakulu, ena amsinkhu wanga, ena a imvi, masuti akuda atakwinyika ndi ulendo. Mkulu wa kusukulu uja anatsika komalizira. Anandizindikira, nandigwira chanza ndi manja awiri, ndipo za mapepala sanatchule. Kusatchula kwakeko kunandipweteka kuposa akanafunsa. Ndinamuthawa n'kukalowa m'nyumba, n'kukhala pansi kumbuyo kwa Ankhazi pafupi ndi bokosi.

Patapita kanthawi, ophunzira aakazi analowa kudzapepesa. Anavula nsapato pakhomo, anamanga zitenje pamwamba pa masiketi awo, n'kuyenda chogwada mpaka pamene panali Ankhazi. Amene anawatsogolera anali mayi wonenepa wa magalasi, wazaka ngati makumi anayi ndi zisanu. Anatsegula pakamwa ndi Chitonga chosalala, ndipo amayi onse m'nyumbamo anatembenuka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti makolo ake anali a ku Mulanje, anabwera kudzagwira ntchito yokama mitengo ya labala, ndipo iye anabadwira kuno. Anakhala kalaliki wa khothi zaka zambiri asanayambe sukulu ya malamulo.

Zambiri zimene analankhula sindinazimve. Ndinangoona nkhope ya Ankhazi ikusintha. Kenako Ankhazi anafunsa m'Chichewa, mwina kuti anzake a mayiyo amve nawo, kuti kodi anthu akuluakulu chotere mlongo wawo ankawaphunzitsa chiyani. Mayi uja anati ankawaphunzitsa kufunsa funso limodzi pa nthawi, ndi kudikira yankho. Anati pepala ukawapatsa linkabwerako lofiira ngati pamene aphera nkhuku, koma ukawerenga zofiirazo sunkabwerezanso cholakwacho. Amayi ena anaseka chapansipansi. Iye anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Langa lomaliza lokha sindinalione, ama. Tinalemba mayeso, iwo n'kutenga mapepala athu, basi n'kudwala."

Mayiyo sankadziwa kanthu. Ankalankhula ali chogwada, bondo lake litatsala pang'ono kugunda bokosi, pafupifupi pamene panali pepala lakelo.

Ankhazi anatembenuka thupi lonse n'kundiyang'ana.

"Mapepala a m'chikwama muja analemba ndani?"

Ndinati analemba ndi awa, ndi anzawo ali panjawo.

"Si a mlongo wanga?"

Ndinati ayi, adadi ankangochonga.

"Angati?"

Ndinawauza.

"Onse ali moyo?"

Ndinavomera ndi mutu. Ankhazi anagwira pakamwa ndi dzanja. M'nyumbamo nyimbo inali italeka yokha. Anayankhula mawu angapo m'Chitonga, ndipo ndinaona amayi achikulire akuyang'anizana, wina n'kudzikokera chitenje pachifuwa. Mayi wa magalasi uja anayang'ana bokosi, kenako ine, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono chogwada chomwecho. Kwa Ankhazi, za chaka cha sukulu kapena malamulo sizinali nkhani. Nkhani inali yakuti chinthu cha munthu wamoyo, chimene wachigwira ndi kuchilemba ndi dzanja lake, sichilowa m'manda. Ine mawu amenewo, akuti mapepalawo ndi a anthu ena, sindinawanene m'mawa muja. Ndinathamangira kuopseza.

Anatuma munthu kukaitana abambo aang'ono ndi akuluakulu awiri a mpingo. Anapempha amayi onse kuti atuluke akaimbire pakhonde, ndipo anatuluka osafunsa. Ine ndinanyamuka nawo, koma Ankhazi anandikoka chitenje kuti ndikhale. Chitseko chinatsekedwa. Abambo aang'ono anamasula chivundikiro. Adadi anali atagona mu suti yawo yotuwa, mkanjo wawo wakukhothi atawafunditsa kuyambira pachifuwa. Ankhazi anawalankhula kaye m'Chitonga, modekha, ngati mmene umadzutsira munthu kuti usunthe pilo. Kenako anatenga chikwama chija ndi manja awo.

Anakhala nacho pansi, miyendo atatambasula. Anatulutsa mtolo wa mapepala womangidwa ndi mphira. Unali wozizira. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire, koma sanandipatse. Anayamba kutsekula limodzilimodzi, akunyowetsa chala ndi malovu. Chingerezi sawerenga, koma ankaona kuti zolemba zabuluu zikusiyanasiyana, zina zopendekera, zina zazing'ono ngati nyerere. Zofiira zokha ndizo zinali za munthu mmodzi, ndipo ankazidziwa bwino, poti adadi anawalembera makalata kuyambira ali kusekondale. Ankayendetsa chala pa zofiirazo. Kunja nyimbo inkapitirira, ndipo abambo aang'ono ankayang'ana wotchi.

Atafika chakumapeto kwa mtolowo anaima. Anabwerera pepala limodzi m'mbuyo, n'kupitanso kutsogolo.

"Uyu si iyeyo. Wofiira uyu ndi ndani?"

Ndinati ndine, Ankhazi. Ndinawauza za dzanja la adadi, ndi mmene ankanenera mawu ine n'kumalemba.

Anandimenya pantchafu ndi chikhatho, kamodzi, mopweteka ndithu. Chikhalireni palibe anandimenyapo chotero.

"Mwana wopusa iwe. Dzanja lako lagona m'bokosi usiku wonse, iwe uli phee kutsamira khoma? Ndikanakukwirira ndi manja angawa."

Mawu awo anasweka pamenepo. Chifikireni ndinali ndisanawaone akulira. Anakankhira mtolo wonse pamiyendo panga, anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, kenako anapisa m'chikwama kuti aone ngati mwatsala kanthu. Munali bolopeni yofiira ija. Anaizunguza m'manja, n'kundifunsa ngati inali yawo ya adadi. Ndinati inde, anagula okha. Anafunsa ngati ine ndinaigwira. Ndinati inde. Anaganiza pang'ono, kenako anaipukuta bwinobwino ndi chitenje chawo, anaibwezera m'chikwama, n'kuika chikwamacho kumapazi kwa mlongo wawo monga chinalili. Abambo aang'ono anatseka.

Mapepalawo ndinawakulunga m'chitenje n'kutulukira khomo lakuseri. Mkulu wa kusukulu ndinamupeza ataima pafupi ndi minibasi, ambulera ili m'manja. Ndinamupatsa mtolowo n'kumuuza kuti atatu apansi sanachongedwe. Anaulandira ndi manja awiri. Sanafunse kumene unachokera, koma ndikhulupirira kuti mayi wa magalasi uja anali atamuuza kale, chifukwa anauyang'ana nthawi yaitali asanaulowetse m'jekete.

Zotsatira zinayenda monga maliro onse amayendera. Tinaona nkhope pa kagalasi kaja, mzere wautali wozungulira nyumba. Bokosi linatuluka. Panali mawu a banja, a kumudzi, a maloya, a mpingo. Abambo aang'ono anawerenga mbiri ya malemu, ndipo atafika pa za ntchito anatchula milandu ndi maudindo, kenako anakweza maso papepala n'kuwonjezera za pamtima kuti analinso mphunzitsi. Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha mvula.

Manda a banja lathu ali kumtunda, kuwoloka msewu wa tala, kudutsa m'minda ya chinangwa. Njira yake ndi yopapatiza, moti anthu anayenda awiriawiri, mzere wautali wa maambulera ndi zitenje zofunda kumutu. Amayi a mpingo anatsogola ndi nkhata za maluwa. Bokosi linkasinthana mapewa, achibale, asodzi, maloya. Pokwera kachitunda komaliza, pamene pamaterera kwambiri, ophunzira aamuna analowa pansi pa bokosilo. Sanazolowere, ndipo wina wa imvi anaterereka n'kugwada m'matope ndi bondo limodzi, koma phewa sanachotse. Msodzi wina anamugwira m'khwapa n'kumuimiritsa, ulendo n'kupitirira.

Pamanda mvula inakula. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, dothi lofiira likumata m'makasu. Ndinaponya dothi langa pambuyo pa Ankhazi. Pamene ankakwirira, ndinalira adadi kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo popanda china chondisokoneza. Ndinalira Loweruka lililonse limene ndinawakwiyira. Ndinkaona ngati amatithawa. Anthu amene ankapitako anali ataima tsidya lina la dzenjelo, atanyowa mpaka mkati, ndipo palibe mmodzi anapita kukabisala pansi pa mtengo.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pakhomo, anadya kondowole ndi nyemba, n'kuyamba kubalalika. Magalimoto a m'tauni anatsogola poopa matope. Minibasi ya ophunzira inanyamuka cha m'ma folo koloko. Mayi wa magalasi uja anabwera kudzatsanzika Ankhazi, ndipo Ankhazi anamupatsa kathumba ka ufa wa chinangwa, nati yewu pomuthokoza m'Chitonga, mukafike bwino.

Madzulo nyumba inali zii. Mabenchi anali atabwerera kutchalitchi, tenti ataigwetsa. Pabalaza, pamene panali bokosi, simenti inali youma ndi yoyera, pozungulira ponse pali mapazi amatope. Palibe anafuna kupondapo. Amayi ochepa otsala kugona pasiwa ankanong'onezana kukhitchini. Mvula inkagogoda pamalata mwa apo ndi apo.

Ankhazi anandiitana kuti ndikhale nawo pamphasa. Kenako anafunsa kuti atatu otsala aja achonga ndani. Ndinati mphunzitsi wina. Anagwedeza mutu, nati mlongo wawo sankakonda kusiya ndime pakati. Anafunsanso kuti pa pepala lomaliza limene ndinalemba, anandiuza kuti ndilembe chiyani.

Ndinkakumbukira mawu onse, chifukwa anawanena movutika, akupuma pakati. Ndinawamasulira m'Chichewa: malamulo ukuwadziwa, koma woweruza sali m'mutu mwako, yamba wamuuza chimene chachitika.

Ankhazi anaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa misozi, mpaka amayi kukhitchini anasuzumira.

"Ndiye unalemba wekha ndi dzanja lako, koma osamva."

Anatenga dzanja langa lamanja n'kuliika pamiyendo pawo. Analitembenuza, anayang'ana chikhatho, anatsina chala chilichonse ngati akuona ngati zonse zilipo. Kenako analifunditsa ndi nsonga ya chitenje chawo. Wina anabweretsa tiyi n'kumuika patsogolo pathu. Ndinamwa ndi dzanja lamanzere, chifukwa linalo sanalisiye.